Ndikangomva kuti "canter" m'kamwa mumauma: ndiyambirenso pati?

Wamanthauja analemba:

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osalembapo kanthu, koma lero ndati ndilankhule, mwina alipo amene anadutsamo.

Ndine mayi wa zaka za m'ma 40 ndipo kukwera hatchi ndinakuyamba ndili wamkulu kale. Poyenda pang'onopang'ono ndilibe vuto. Trot, kuja hatchi imathamanga pang'ono, ndimaitha, yokhala pachishalo ndi yonyamuka yomwe. Canter, yomwe ndi kathamangidwe kachangu kuposa trot, nayo ndinkaichita, osati mwaukatswiri, koma ndinkatsika ndikumwetulira. Chaka chatha tili pa canter, chipepala cha pulasitiki chomwe chinakodwa pampanda chinakupizidwa ndi mphepo, hatchi n'kudzidzimuka, n'kulumphira kumbali. Phazi lakumanja linachoka pachopondera, ndipo ndisanadziwe n'komwe chomwe chikuchitika ndinali pansi, mchenga uli m'kamwa. Sindinathyoke paliponse, nthiti zokha ndi zomwe zinandivutitsa kwa kanthawi.

Panopa aphunzitsi akangoti "konzekani, canter pakona ikubwerayo," m'kamwa mumauma gwa. Ndimadzimva ndikuweramira kutsogolo, mawondo akufinya chishalo, manja akukoka zingwe pomwe miyendo ikuuza hatchi kuti tiye. Nayo hatchi, posadziwa chomwe ndikufuna, imangothamangitsa trot ija, ine n'kumadumphadumpha pamwamba, mapazi akulowerera m'zopondera mpaka mu akakolo. Mapeto ake ndimangoti "lero ayi aphunzitsi." M'gulu lathu muli ana awiri a sukulu omwe amazungulira bwalo lonse akuseka, ine nditaima pakati ndikunamizira kukonza chopondera.

Hatchiyo si yanga, ndi ya pamalo pomwe ndimaphunzirapo. Ndi yamphongo yofula, yofiirira, ya zaka 14, ndipo aliyense amati ndi yofatsa. Chimodzi chomwe ndaona masiku ano n'choti ndikamamanga lamba wa pamimba imagoneka makutu kumbuyo n'kutembenuza mutu ngati ikufuna kundiluma, zomwe kale sinkachita. Kaya zikugwirizana kaya ayi.

Ndiye nditani? Ndidzikakamize mpaka mantha atope okha, kapena ndidikire mtima ukhale pansi? Alipo muno amene anafika pomwe ndafika inepa n'kubwereranso mwakale?

MkuluWapachishalo analemba:

Amayi, pepani ndi ngoziyo, komatu walira mvula walira matope. Palibe wokwera hatchi amene sanalawepo dothi. Amene anatiphunzitsa ife ankati ukagwa, ngati mafupa ali bwino, kwera pomwepo, ndipo ine ndimaonabe kuti kuzengereza n'kumene kumalera mantha. Nthawi iliyonse mukati "lero ayi," tsiku lotsatira kumakhala kovuta kuposa dzulo.

Sindikunena kuti mukachite zamisala ayi. Langizo langa ndi lakuti mutuluke m'bwalomo. M'bwalo ukangoyamba kumva kukoma, kona yafika kale. Pezani njira yowongoka yokwera kamtunda, dothi lake labwino lopanda maenje, mnzanu wodziwa akhale kutsogolo pa hatchi yodekha. Pokwera mtunda hatchi imakankha kwambiri ndi miyendo yakumbuyo, ndiye kuponya mateche kumaivuta, ndipo pofika pamwamba imakhala ikufuna yokha kubwerera pa trot. Chachikulu musalunjike kukhola, chifukwa hatchi ikayang'ana kwawo imaonjezera liwiro osapemphedwa. Ndipo gwirani manyenje ndi dzanja limodzi, palibe chamanyazi. Ine imvi zili mbuu koma pamalo oipa ndimawagwirabe. Hatchi sidandaula nazo, chomwe imadana nacho ndi kukokedwa kukamwa.

Aphunzitsi_pabwalo analemba:

Achemwali, zimene mwafotokozazi ndimaziona pafupipafupi, ndipo kawirikawiri kwa akuluakulu. Mwana akagwa amangoganiza zokweranso. Wamkulu amayamba kuganiza za ntchito yomwe ajombe ndi amene atsale ndi ana iye akagonekedwa m'chipatala. Ndiye ana awiri aja asakupatseni manyazi.

Ndikugwirizana ndi a Mkulu pa za manyenje, ndipo za mtunda akunena zoona, koma osati panopa. Munthu amene akukoka zingwe ndi mantha ine sindingapite naye komwe kulibe mpanda. Izo zibwere pambuyo. Zoti "kwera pomwepo" nazonso zili ndi malire ake: munthu akamenyetsa mutu sakweranso tsiku limenelo, amayamba waonedwa ndi dokotala.

Chomwe ndikuona ine n'chakuti canter yomwe mukuiopayo simukuifika n'komwe. Mukumathera pa trot yothamanga, ndipo pa mayendedwe onse a hatchi palibe osautsa kukhalapo kuposa amenewo. Pa trot miyendo imatera iwiriiwiri mopingasa, wakutsogolo wakumanzere pamodzi ndi wakumbuyo wakumanja, kenako inayo, n'chifukwa chake imakuponyani m'mwamba. Canter imagunda katatu. Mukamazungulira bwalo chakumanzere, woyamba kutera ndi mwendo wakumbuyo wakumanja, kenako wakumbuyo wakumanzere pamodzi ndi wakutsogolo wakumanja, kenako wakutsogolo wakumanzere, ndiye pamabwera kamphindi komwe ziboda zonse zinayi zili m'malere. Msana wa hatchi umayenda ngati katungwe, ndipo chiuno chanu chikangolola kutengedwa, mupeza kuti n'kofewa kuposa trot. Liwiro nalo silisiyana kwambiri monga mantha amanenera. Trot wamba ndi makilomita pafupifupi 13 pa ola, pomwe canter imayambira cha pa 16 kukafika cha pa 27, ndipo ya m'bwalo yodekha ili kumunsi kwenikweniko.

Tsopano taonani zomwe thupi lanu likuchita. Mukafinya ndi mawondo, matako amanyamuka pachishalo, zidendene zimakwera, mapazi n'kulowerera m'zopondera monga mwanenamo. Mukaweramira kutsogolo, kulemera kwanu konse kumapita pamapewa a hatchi, chikhalirecho kuti iyambe canter imafunika kupepuka kutsogolo n'kukankha ndi mwendo wakumbuyo. Onjezerani manja okoka aja. Hatchi yaulemu ikapemphedwa ndi kuletsedwa nthawi imodzi imasankha chapakati, chomwe ndi trot yothamanga ija. Ndipo zimenezi sizitha pongodziuza kuti "ndimasuke." Palibe munthu amene anamasukapo chifukwa chouzidwa.

Zimatha mukachepetsa ntchito zomwe mukuchita nthawi imodzi. Pemphani phunziro la nokha, pa chingwe chachitali. Aphunzitsi amaima pakati atagwira chingwecho, hatchi ikuzungulira mozungulira mwa mamita pafupifupi 20 kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo kuyambitsa ndi kuimitsa kumakhala kwa iwo. Inu zingwe mulibe nazo ntchito. Dzanja lakunja ligwire kutsogolo kwa chishalo, muzidzikokera pansi m'chishalomo, mapewa ali pamwamba pa chiuno. Poyamba mudzamva ngati mwagonera kumbuyo kwambiri, koma wokuonani adzakuuzani kuti mwangowongoka basi.

Ndiye apa ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri ndi ophunzira anga. Musayambe ndi kuzungulira bwalo lonse. Masitepe atatu kapena anayi, kenako inu munene mokweza kuti "basi," hatchi ibwerere pa trot. Wonena akhale inuyo, osati aphunzitsi, ndipo muzinena mtima usanafike pakhosi. Mupume, muyende pang'onopang'ono, muyambenso. Tsiku lija munagwa, zinthu zinachitika mulibe ulamuliro uliwonse, ndipo chomwe thupi lanu likufuna kuona mobwerezabwereza n'chakuti canter imatha inu mukanena. Masitepe anayi obwerezedwa kambirimbiri pa tsiku limodzi aposa kuzungulira kamodzi mutatsinzina n'kutsika miyendo ikunjenjemera.

Muzipuma. Amantha ambiri amagwira mpweya kuyambira pakona mpaka hatchi itaima, ndipo m'mimba mukauma chiuno nacho chimauma. Werengani masitepe mokweza, kapena imbani kanyimbo kalikonse, ngakhale mawu anu atakhala oipa chotani. Munthu sangaimbe atagwira mpweya.

Mukadzabwerera pa zingwe, lamulo ndi limodzi: trot ikathamanga musapemphe canter. Ibwezeni kaye, idekhe, mukhale pansi m'chishalo, mudikire kona ina. Pakona mwendo wamkati ukhale pa lamba wa pamimba, wakunja mukankhire kumbuyo pang'ono, maso komwe mukupita, manja apereke mpata kutsogolo. M'bwalo la mamita 20 kwa 40, sitepe imodzi ya canter imadya mamita 3 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye mbali yaitaliyo ndi masitepe khumi ndi pang'ono chabe. Yambirani pakona yolowera mbali yaitali, mubwerere pa trot musanafike kona inayo.

Wamanthauja analemba:

Zikomo nonse awiri. A Mkulu, kamtundako ndikasunga mumtima, koma kungokaganiza manja ayamba kale thukuta.

Aphunzitsi, mwandigwira pomwepo pa za ulamuliro. Ndikaganiza bwino, si liwiro lomwe ndikuopa, koma kuti ndikafuna kuima hatchi sidzandimvera. Ndiye tsiku lomwe chingwe chachitali chidzachotsedwe, ikadzathamanga ndidzaimitsa bwanji? China n'chakuti pozungulira ndimamva ngati ndikutsetserekera kunja kwa chishalo. Komanso kwathu kuno chingwe chachitali amachigwiritsa ntchito kwa ongoyamba kumene, ndiye ndimaona ngati anthu andiseka. Nanga kupempha hatchi ina si kuthawa?

Wapakhola analemba:

Ine si mphunzitsi, ntchito yanga ndi yosamala mahatchi, kupesa, kudyetsa, kumanga zishalo. Ndiye ndilankhula za hatchiyo, chifukwa nonse mwathamangira kwa amayiwa n'kudumpha chinthu chomwe alemba chakumapeto.

Hatchi ya zaka 14 yomwe kale sinkadandaula pomangidwa lamba, lero n'kuyamba kugoneka makutu ndi kufuna kuluma, ikunena kanthu. Si mwano. Zomwe zimachititsa kawirikawiri ndi chishalo chomwe chasiya kuikwana, kuwawa kwa msana, chironda pomwe pamadutsa lamba, kapena zilonda za m'mimba, zomwe mahatchi amadwala kwambiri akamakhala nthawi yaitali osadya udzu. Thupi la hatchi limasintha, ikanenepa kapena kuonda chishalo chomwe chinali bwino chaka chatha chimayamba kutsina. Ndipo hatchi yomva kuwawa msana, pomwe imaonetsera kwambiri ndi poyamba canter penipeni: imazengereza, imathamangitsa trot, imapukusa mchira, ina imaponya mateche. Mwina zonse zomwe mukudziimba nazo mlandu si zanu zokha.

Mungathe kuona nokha zingapo. Musanaike chishalo, yendetsani chikhatho mbali zonse ziwiri za msana mukusindikiza pang'ono, muone ngati ikuzinda kapena kubweza msana pansi. Mukatsika n'kuchotsa chishalo, yang'anani thukuta: likhale lofanana mbali zonse. Mukaona kamalo kouma pakati pa ponyowa, kapena tiubweya toyera tomwe tayamba kumera pafupi ndi pamwamba pa mapewa, pamenepo chishalo chikupanikiza. Lamba musam'mange kamodzi n'kamodzi. Bowo limodzi, muyendetse hatchi pang'ono, bowo lina. Kenako auzeni eni ake zomwe mwaona kuti aitane dokotala wa ziweto, aone msana ndi mano omwe. Mano a hatchi amatha kusongoka m'mphepete n'kumacheka tsaya, n'chifukwa chake amafunika kuonedwa kamodzi pachaka.

Funsaninso ngati hatchiyo ikumatuluka kukadya kubusa komanso kuti ikudya chiyani. Yongokhala m'khola, ikupatsidwa chakudya chambiri champhamvu koma ntchito yochepa, imadzidzimuka ndi chilichonse. Tsiku lamphepo nalo si tsiku loyesera zatsopano.

Chomaliza, chipewa chomwe munavala tsiku munagwa lija, ngati mutu unagunda pansi, chitayeni. Kunja chimaoneka chabwinobwino koma cham'kati chomwe chimalandira kugundako chimaphwanyika kamodzi kokha.

MnzanuPamantha analemba:

Mayi mnzanga, ndawerenga zanu ndikugwedeza mutu, mpaka pa zonamizira kukonza chopondera. Ine ndinkanamizira kuti bondo likuwawa. Yanga sinali ngozi yogwa, hatchi inangothamanga nane kuzungulira bwalo osaima, ine ndikukuwa, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala nthawi yaitali ndikungochita trot.

Za hatchi ina, pemphani, si kuthawa. Ine ndinabwerera pa canter pa hatchi yaikazi yokalamba, yonenepa, yaulesi moti pamafunika kuinyengerera kuti ithamange. Ukangosiya kuikankha imabwerera yokha pa trot. Kukhala pa hatchi yomwe vuto lake ndi kuiyendetsa, osati kuiimitsa, kunandisintha maganizo kuposa mawu onse olimbikitsa omwe anthu ankandiuza. Ndinadzipeza ndikuikalipira kuti "tiye iwe!", ine yemwe uja. Ndisanakwere ndinapemphanso kuti wina achite nayo canter ine ndikuonerera pafupi, ndione mmene imayambira ndi mmene imaimira. Chitaninso chimodzimodzi ndi yofiirira yanuyo, mwina muonanso zomwe a Wapakhola akunenazi.

Pali chinthu chimodzi chomwe kwa ine chinayenda mosiyana ndi zomwe Aphunzitsi alemba. Kukhala pansi m'chishalo kunkandikanika, ndinkangogundagunda. Aphunzitsi anga anafupikitsa zopondera ndi mabowo awiri n'kundiuza ndinyamuke pang'ono pachishalo, kulemera kuli m'zidendene, manja atagwira lamba wa pakhosi pa hatchi. Mawondo ndi akakolo ndi zomwe zinkalandira kugwedezeka konse. Nditazolowera kumva kugunda katatu kuja ndili chonyamuka, ndi pomwe ndinayamba kukhala pansi pang'onopang'ono. Yesani zonse ziwiri, thupi lanu lisankha lokha.

Tinagwirizananso kuti akandifunsa ndizitchula nambala, kuyambira 1 mpaka 10, ya mmene mantha alili. Pa 4 kapena 5 tinkapitiriza. Ikafika 7 tinkabwerera pa chinthu chomwe ndimachitha. Zinandithandiza chifukwa mawu akuti "ndikuopa" ankandivuta kutchula pagulu, koma nambala imatuluka mosavuta. Ndipo mphunzitsi amene mungamuuze zimenezi iye n'kuseka kapena kukuwa kuti "ingochitani," ameneyo si wanu, sakani wina.

Musadabwe mukadzakhala ndi tsiku labwino kenako lotsatira mantha n'kubweranso. Kwa ine zimachitikabe ndikakhala nthawi osakwera, kapena ndikagona mochedwa. Masiku oterowo ndimachita trot, ndimayeseza kuima ndi kuyamba, ndikatero ndimapita kunyumba.

Za kusekedwa, ku Spanish Riding School ya ku Vienna, komwe kuli akatswiri okwera mahatchi oyera a mtundu wa Lipizzaner, ophunzira amayamba ndi kukhala nthawi yaitali pa chingwe chachitali, opanda zingwe m'manja ndiponso opanda zopondera, asanaloledwe kuyendetsa okha. Wokusekani muzimuuza zimenezo.

Aphunzitsi_pabwalo analemba:

A Wapakhola anena zofunika, muyambe ndi zimenezo musanachite zina zonse. Ndipo za kunyamuka pachishalo zomwe anena a MnzanuPamantha ndi zoona, ndimazigwiritsanso ntchito. Kungoti kunyamuka kumeneko n'kosiyana ndi kuwerama kwa mantha: msana umakhala wowongoka, chifuwa chotseguka, maso kutsogolo.

Pa za kuimitsa, yambani mwavomereza kuti hatchi yolemera makilogalamu 500 simungaipose mphamvu. Mukakoka zingwe osasiya, imangotsamira pachitsulo cha m'kamwa n'kumakoka nayo, ndipo yopambana imadziwika. Chomwe imamva ndi kugwira n'kusiya. Khalani mowongoka, tulutsani mpweya wonse, chiuno chisiye kutsatira kayendedwe kake, zala zifinye zingwe kwa kamphindi, mumasule, mufinyenso. Onjezerani mawu otsika, okoka, omwewomwewo nthawi zonse. Ndipo izi simudikira tsiku la canter kuti muziphunzire. Chitani kambirimbiri kuchoka pa trot kupita poyenda, kuchoka poyenda kupita poima, mpaka hatchi izibweza liwiro mukangotulutsa mpweya, zingwe musanazikhudze. Pamenepo mudzakhala mukudziwa kuti mabuleki alipo chifukwa mwawayesa nokha.

Ikadzathamanga ndithu osamva, ikhotetseni izungulire mozungulira mwamukulu, n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Hatchi singasunge liwiro pozungulira pang'ono. Koma osaikhotetsa mwadzidzidzi ili pa liwiro, ingaterereke n'kugwa nanu limodzi.

Kutsetserekera kunja kuja kawirikawiri kumabwera munthu akapinda chiuno cham'kati, phewa lam'kati n'kugwa, matako n'kukankhikira kunja. Pondani chopondera cham'kati ngati mukufuna kutalikitsa mwendo umenewo, mapewa akhale ofanana, ndipo muziyang'ana kutsogolo m'njira yomwe hatchi ikudutsa, osati pansi kapena kwa aphunzitsi ali pakatiwo. Ngati mozunguliramo mwachepa, apempheni atalikitse chingwe.

Lamba wa pakhosi musamusiye ngakhale mutabwerera pa zingwe. Lamba wakale wa chopondera amakwanira. Mum'mange momasuka moti chikhatho chizilowa pakati pa iye ndi khosi, ndipo akhale pafupi ndi chishalo pomwe zala zanu zingamufike musanawerame. Akakhala patali adzakukokerani kutsogolo, komwe tikufuna kukuchotsaniko.